Ku Kilwa akusamala nyumba za mafumu, doko la akapolo likugumuka

Sitima imene inanyamula kagalimoto kanga inachedwa kufika pa Dar es Salaam, ndipo amene munayitanitsapo galimoto mukudziwa mmene ma ejenti amayankhulira, mawa bwana, mawa bwana, mpakana mawa lakelo kusanduka sabata yathunthu uku ndalama ikungothera loji ndi chipisi cha mazira pa Kariakoo. Tsiku lachinayi ndinangoti aaa ine zokhala pawindo n'kumawerenga ma bajaji ayi, ndinanyamula kachikwama n'kukakwera basi pa Mbagala yolowera kummwera, njira ya ku Lindi ndi Mtwara. Kuwoloka Rufiji pa mlatho wa Mkapa, kutsika pa Nangurukuru, kenako kukwera kena kothithikana mpaka Kilwa Masoko, makilomita 300 ndi kanthu kuchokera mu Dar. Dzina loti Kilwa ndinali nalo m'mutu kuyambira ku sekondale, aphunzitsi a histore akulemba pabolodi kuti akapolo ochokera ku Nkhotakota ankapita nawo ku Kilwa, ife n'kukopera, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso, basi zathera pompo. Sindinaganizepo kuti ndi malo oti munthu n'kukapondapo n'kumwapo tiyi.

Chimene aphunzitsi aja sanatiuze n'choti ma Kilwa alipo atatu. Masoko ndi tauni ya masiku ano, pali maofesi a boma ndi malo ogona alendo. Kisiwani ndi chilumba chili patsidya pompo, ukaima padoko la Masoko umachiona bwinobwino, ndipo kumeneko ndi kumene kuli mabwinja otchuka aja. Kivinje ili chakumpoto, makilomita 20 ndi kanthu, ndipo imeneyi ndi imene ikutikhudza ife a kuno kunyanja. Ndinapita konse kuwiri, Kisiwani ndi Kivinje, masiku otsatizana, ndipo kusiyana kwa mmene malo awiriwa akusamalidwira kwakhala kukundisowetsa mtendere mpaka lero.

Ku Kisiwani umayamba wadula kaye chilolezo ku Masoko, akupatsa gayidi, nde mukwera boti kapena chombo cha thanga ngati mphepo ili bwino. Chinthu choyamba kukulandira ndi linga lalikulu lili m'mphepete mwenimweni mwa madzi, eni ake amati Gereza. Apwitikizi anafika apa mu 1505 motsogozedwa ndi Francisco de Almeida, anafunkha mzindawo n'kumanga linga lawo, koma sanakhalitse, ndipo zambiri zimene ukuona lero zinamangidwanso ndi Aluya a ku Oman cha m'ma 1800. Ukalowa mkati mwa chilumba muli mudzi ngati wa kwathu konkuno, nyumba za dothi zofolera ndi makuti a kokonati, mbuzi, amayi pachitsime, ana akuchokera ku madrasa, malambe akuluakulu, kenako mwadzidzidzi wangotulukira pa mzikiti waukulu wa miyala umene mbali yake yakale kwambiri yadutsa zaka 800. Ndinavula nsapato olo gayidi anati palibe vuto. Mkatimo muli zipilala mizeremizere, pamwamba madenga ozungulira ngati miphika yovundikira, kozizira bwino pamene panja dzuwa likuswa mtengo, ndipo ukayankhula mawu amabwerera. Ndinagwira khoma, mwala wake ndi wa m'nyanja, wa timabowotimabowo, amati matumbawe, womata ndi njereza osati simenti.

Kuyenda pang'ono chakummawa kudutsa m'minda ndi m'mikoko, mitengo ija imamera m'madzi amchere mizu ili pamtunda ngati miyendo ya nkhanu, umafika pa Husuni Kubwa, nyumba ya sultani al-Hasan ibn Sulaiman ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Zipinda zoposa 100, dziwe losambiramo la ngodya 8, masitepe osemedwa pathanthwe kutsikira kunyanja kuti chombo chizikocheza pakhomo. Ibn Battuta, woyenda maiko wotchuka wa ku Morocco, anafika pa Kilwa mu 1331 ndipo anautama kuti ndi umodzi mwa mizinda yokongola ndi yomangidwa bwino imene anaionapo, ameneyutu anali atayenda kale malo ambirimbiri. Chuma chake chinkachokera kuti? Golide wa kumapiri a Zimbabwe wotulukira pa doko la Sofala ku Mozambique ya lero, Kilwa nde inagwira pakhosi pa malonda amenewo. Ankasula ndalama zawozawo za mkuwa, ndipo khobidi limodzi la sultani yemweyu linapezeka ku Great Zimbabwe, ena anakapezeka mpaka pa kachilumba ka kumpoto kwa Australia mu 1944, kaya anafikako bwanji. M'dothi la pachilumbapo muli mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, ena umawaona ndi maso pagombe madzi akaphwa.

Ndisaname, ndinanyada. Munthu wakuda amene anakula akumva zoti kuno kunalibe kanthu azungu asanabwere, ukaima pamenepo chifuwa chimatukuka chokha. Ndipo malowa akuoneka kuti ali ndi owayang'anira. UNESCO inaika Kilwa Kisiwani pamodzi ndi chilumba china cha Songo Mnara pa mndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse mu 1981, mu 2004 anawaika pa gulu la malo amene ali pangozi chifukwa mafunde ankadya Gereza ndipo mitengo inkang'amba makoma, nde panabwera ndalama za kunja ndi akatswiri, anthu a pachilumba pompo anaphunzitsidwa umisiri womanga ndi njereza, anatchinga gombe, ndipo mu 2014 anawachotsa pa gulu la pangozi lija. Ntchito yabwino, ndilibe nayo mawu.

Mawa lake nde Kivinje. Aaa abale. Ukangotsika pa bodaboda chimene chimakulandira ndi fungo la nsomba, timatemba tawo tija amati dagaa, ngati usipa wathu, akutiwiritsa m'madiramu n'kuyanika pathandala, anyamata akusenza mabeseni kuchokera ku zombo, wina akukhoma ngalawa ndi kasemasema pansi pa mtengo. Tauni yamoyo ndithu. Koma ukatembenuka kuyang'ana kumtunda pali nyumba zosanja za miyala yomweija ya m'nyanja, zina zili ndi makonde a matabwa akulendewera ndi msomali umodzi, zina denga linagwa kalekale mkati munamera mkuyu mizu yake yakumbatira khoma ngati nsato, pena pansi pakukhala banja pamene pamwamba pali mileme yokhayokha. Boma lakale la Ajeremani layang'ana kunyanja, ming'alu yake yoti mkono n'kulowa. Ndinaima pa chitseko china chosemedwa maluwa, cha thabwa lokhuthala ngati mpanda wa Baibulo la paguwa kuwirikiza kanayi, m'munsi mwake chiswe chitadya, pambali wina atakhomapo chingwe choyanikira zovala. Palibe anandifunsa chilolezo, palibe gayidi anandithamangira. Kivinje ndi malo otetezedwa ndi malamulo a Tanzania inde, koma sili mkati mwa malire a UNESCO aja, nkhani yoti aiphatikize yakhala ikukambidwa koma ndi pompo.

Ndinakhala pa benchi pogulitsa khofi wa m'tikapu ting'onoting'ono tija, ndinapereka shikamoo kwa agogo ena a kanzu yoyera, Chiswahili changa cha ku Kariakoo chongokwanira kunenerera mtengo. Atamva kuti ndachokera ku Malawi anangoti ooh, Mnyasa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako analoza ndi chibwano kugombe kuja kuli matope, madzi atathawira kutali zombo zitagona cham'mbali, ndipo mmene ndinamvera ine ankati anthu a kwanu ankakwerera apo. Sananene mwachisoni kapena mopepesa ayi, ananena ngati mmene munthu angakulozere pamene panali chigayo kale. Khofi uja anandikanika kumeza. Pamalopo palibe chikwangwani, palibe mwala, pali matope, nkhanu ndi mapepala a pulasitiki.

Nde taonani mmene malo enieniwo amafotokozera mbiri, zimene buku la kusukulu silingathe. Chifukwa chiyani malonda anachoka pa Kisiwani, pamene pali doko lakuya labwino, n'kupita pa Kivinje pamene pali matope? Chifukwa ulendo wochokera kumtunda umathera pamtunda, sufunanso kuwolotsa anthu mazanamazana kupita pachilumba, komanso gombe losaya lija chombo cha thanga chimangogona pamchenga n'kudikira madzi abwere pamene sitima yankhondo ya Angerezi yosaka ogulitsa akapolo siingayandikire. Matope amenewo nde umboni wake. Kugulitsa anthu pa Kilwa kunayamba kale, mu 1776 Mfalansa wina dzina lake Morice anapangana ndi sultani wa Kisiwani kuti azimupatsa akapolo 1,000 pachaka opita ku minda ya pa zilumba za Afalansa monga Mauritius, koma chimake chinafika m'zaka za m'ma 1800 pamene minda ya karafuu, mbewu yonunkhiritsa zakudya, ku Zanzibar ndi Pemba inkameza anthu ngati moto wolusa, ndipo olemba mbiri amati m'ma 1860 pa Kivinje pankadutsa anthu pafupifupi 20,000 pachaka. Ambiri mwa iwo ochokera kuzungulira nyanja yathuyi, Anyanja, Achewa, Amang'anja, Ayao amene, goli m'khosi, ena atasenza minyanga ya njovu, miyezi itatu kapena inayi ali panjira. Olo Sultani Barghash atasaina pangano la 1873 lotseka msika wa Zanzibar sizinathe tsiku limodzi, anangosintha njira n'kumawayendetsa pamtunda chakumpoto motsata gombe.

Apa nde pali nkhani yanga. Tikamati tikusamala cholowa cha makolo timasankha chotsekemera. Nyumba ya sultani, golide, Ibn Battuta, zimenezo zimakoma pa chithunzi ndipo aliyense amatuluka wopambana, Mtanzania anyade, Msilamu anyade, wakuda aliyense anyade, mzungu wopereka ndalama nayenso ajambulitse. Kivinje ilibe wopambana. Ndipo nyumba zake si zakale kwambiri, si zokongola ngati mzikiti uja, nde kwa katswiri wongoyang'ana miyala ndi za kalasi yachiwiri. Koma ife Achewa mawu oti bwinja timawadziwa bwino, bwinja silikhala bwinja chifukwa cha kukongola kwa khoma, nthawi zambiri khomalo kulibe n'komwe, pamangotsala mtengo wa mango, mphero yosweka, phulusa ndi manda, koma mkulu akamadutsa amatsitsa mawu. Kwa ine gombe la matope lija, njira yotsika kuchokera kumtunda, mango akale, zitsime, minda ya mpunga ndi ya kokonati yozungulira tauniyo imene inkalimidwa ndi akapolo omwewo, zonsezo pamodzi nde cholowacho. Ukasamala khoma limodzi n'kulola gombe ligulitsidwe mapuloti, wasunga chikuto buku watenthetsera mbaula.

Ndikudziwa chimene chimatimanga pakamwa, tisanamizane. Nkhani ya ukapolo wa kummawa ikangoyamba, kwathu kuno anthu amayamba kuyang'ana Ayao ndi Asilamu ndi diso lina, nde anthu anzeru amaona kuti bola kungoisiya tisadzutse mavu. Mantha amenewo ndi omveka, ndaonapo mmene ma komenti a pa Facebook amathera. Koma kubisa n'kumene kumasiya nkhaniyi m'manja mwa anthu oipa pakamwa. Mbiri yonse ikayalidwa pamphasa palibe mtundu umatuluka woyera. Inde Makanjira, Mponda ndi Mataka analemera nawo malondawa, Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga chimodzimodzi, koma mafumu a Chichewa nawo ankagulitsa anthu a milandu ndi ana amasiye posinthana ndi nsalu, mikanda ndi wonga, Angoni ankagulitsa ogwidwa pankhondo, ngongole yoyendetsera maulendowo inkachokera kwa amalonda a Chimwenye ku Zanzibar, mfuti zinkachokera ku Ulaya, nsalu ya merikani ku America, shuga wake ankamwera tiyi Afalansa. Ndipo Ayao ambirimbiri nawo anamangidwa goli lomwelo. Pa Kivinje pomwepo pali malo amati Mwembe Kinyonga, olo osamasulira mwamva kale, pamene Ajeremani ananyonga Hassan bin Omari Makunganya mu 1895, chaka chomwe Harry Johnston ananyonga Mlozi ku Karonga. Makunganya amakumbukiridwa ngati ngwazi yolimbana ndi atsamunda, ndipo analidi, koma analinso m'malonda omwewa a anthu. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo mwana wa Fomu 2 akhoza kuzisenza zonse ziwiri, ndi akuluakulufe amene timaopa.

Wina anena kuti akulu inu mwakhuta, anthu a ku Kivinje akufuna madzi a m'mipopi, chipatala ndi malo owumitsira nsomba, inu mukulira makoma a Aluya. Ndipo ali ndi mfundo. Dera la Kilwa ndi la kumudzi, losauka, mpaka mlatho wa Mkapa utatsegulidwa mu 2003 nthawi ya dzinja kumwera konseko kunkakhala ngati kwadulidwa, gasi wa ku Songo Songo amachokera m'nyanja yawo yomweyo n'kupita pa paipi kukayatsa magetsi ku Dar kuyambira 2004 iwo akuonerera. Munthu amene nyumba ya agogo ake ikumugwera, lamulo likuti usagwetse, ndalama yokonzera mwa kale alibe, ukamuuza za cholowa akhoza kukuponyera chikho. Ineyo nditakhala iye ndingagule matumba a simenti ndi malata n'kuthana nazo. Nde ngati kusamala mbiri kukutanthauza kuuza osauka kuti khalani m'chigumula kuti alendo azijambula, kapena kuwasamutsa n'kumanga mpanda ndi geti ya tiketi, ineyo sindili nawo. Tinaziona kwathu kuno mmene malo ena a m'mbali mwa nyanja anathera, msodzi wobadwira pompo kuuzidwa kuti apa ndi pa eni ake usayanikepo ukonde.

Koma kusiya kuti zigwe si kuthandiza wosauka, chifukwa zikagwa amene adzagule gombelo si iye. Ndipo pali kanthu kena kamene ndinaphunzira kwa mmisiri wina ku Kisiwani, anandionetsa pamene wina kale anamata simenti pa khoma la matumbawe. Mwala wa m'nyanja umamwa chinyezi ndi mchere, njereza imaulola kupuma chinyezicho n'kutuluka, simenti imatseka, nde mcherewo umadya mwala mkati mpaka tsiku lina chigamba chonse chimasupuka ndi nyama ya khoma. Kutanthauza kuti njira yotchipa ija nde imagwetsa nyumba msanga, ndipo amene angakonze bwino ndi munthu wodziwa kuwotcha ndi kuvunditsa njereza, amene ndi wa pamudzi pompo osati kontilakita wa ku Dar. Chimodzimodzi mikoko. Zipinda za nyumba zakalezi n'zopapatiza chifukwa mitanda ya denga inali ya mikoko ndipo mtengowo uli ndi polekezera kutalika, komanso mikoko yomweyo nde imaswa mphamvu ya mafunde asanamenye khoma, nde momwe mumaswana nsomba ndi nkhanu zimene tauni yonse ikudyera. Ukaidula yonse kuwotcha makala kapena kutsegula malo opangira mchere, wapha nsomba, wagwetsa linga, nthawi imodzi. Apa msodzi ndi wa zakale akufuna chinthu chimodzi, kungoti sakhala pa benchi imodzi. Ndalama yokonzera nyumba izipita kwa banja limene likukhalamo, likhalebe momwemo, gombe lilembedwe kuti ndi la onse, zikatero mbiri yasungika ndipo munthu wagona posadontha.

Koma ndisatalikire kuloza chala Atanzania, iwo bola ayesako. Nanga ife mbali yathu ya njira yomweyi? Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo kuchokera pamenepo zombo zinkawolotsa anthu kupita tsidya la kummawa kuti ayambe ulendo wa ku Kilwa. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'ma 1860 ulipo, dera la Linga lilipo, mpunga wa faya umene eni ake amati unabwera ndi anthu a Jumbe tikudya mpaka lero, migwalangwa ndi kokonati za m'mbali mwa nyanja, mawu ngati ngalawa ndi mzikiti ali pakamwa pathu tsiku ndi tsiku. Koma ndani mwa ife amene amadutsa pa M5 anayamba wakhotako kukaona? Timaima kugula mpunga ndi nsomba basi. Fort Mangochi ili paphiri kuja makoma ake akulimbana ndi tchire, Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko, ndipo amenewa ndi malinga a Angerezi, malo a anthu ogwidwawo enieni, madoko ndi misasa imene ankagonekedwa, ambiri sanalembedwe paliponse, ali m'mitu mwa agogo amene tikuwaika m'manda mwezi ndi mwezi. Nyanja nayo sikudikira, mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'maloji ndi m'nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo chimene chimakokoloka pagombe sichibwerera.

Boma lathu linapereka njira za akapolo ndi za Livingstone pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO mu 2011, mpaka lero zikadali pa mzere. Sikuti sitingathe, Lake Malawi National Park inalowa mu 1984, zojambula za pamiyala za Chongoni mu 2006, phiri la Mulanje mu 2025. Koma olo dzina lake lenilenilo limandivuta, chifukwa chiyani njira ya agogo athu iziyenda pamsana pa Livingstone ngati kuti popanda mzungu wodutsapo siingakhale nkhani? Ndipo njira siithera pa boda. Inayambira kuno, inadutsa Niassa ku Mozambique kumene kunali Mwembe likulu la Mataka, dzina lochokera ku mango obwera nawo kuchokera kugombe, n'kuwoloka Ruvuma mpaka pa matope a Kivinje. Mayiko atatuwa amakumana kukambirana za njanji ya Nacala, za doko la Mtwara, amakanganirana malire a panyanja, koma zokhala pansi kuti njira iyi tiilembe limodzi ngati chinthu chimodzi sindinazimvepo. Sizofuna mabiliyoni poyamba. Ophunzira a histore a ku UNIMA ndi ku Mzuni atapatsidwa thiransipoti ndi foni zojambulira mawu n'kuyenda midzi ya m'mbali mwa nyanja holide imodzi yokha, ma T/A atagwirizana kuti doko lakale lisagulitsidwe kwa wa loji, masukulu a m'maboma a kunyanja atamapita ndi ana pamalopo m'malo mongowalowezetsa, tingakhale tayamba.

Pena ndimaganiza za anthu awiri atatu amene mbiri inawasungako mwangozi. Dikishonale yoyamba ya chiyankhulo chathuchi inalembedwa kutali ndi kuno, pafupi ndi Mombasa, pamene m'mishonale Johannes Rebmann anakumana mu 1853 ndi kapolo wina dzina lake Salimini wochokera m'chigawo chapakati, n'kumamufunsa mawu limodzilimodzi, bukulo linatuluka mu 1877. Tangoganizani munthu ali ku ukapolo akutchula mayina a mitsinje ndi midzi ya kwawo kwa mzungu wa cholembera, kaya mumtima ankamva bwanji. Ndipo mu 1876 Bishopu Edward Steere ananyamuka ku Zanzibar ndi gulu la akapolo omasulidwa kuti awabwezere kwawo kunyanja, anayenda kuchokera pa Lindi koma atafika pa Masasi anthu aja anatopa n'kukhazikika pompo, mishoni ya Masasi chiyambi chake n'chimenecho. Mpaka ku Somalia m'chigwa cha mtsinje wa Juba kuli anthu amene mitundu yawo imatchedwabe Manyasa ndi Myao. Abale athu amenewo, a malume a agogo athu, amene pamudzi anangoti anapita kumadzi sanabwerere.

Ndili pa benchi paja foni inalira, ejenti, akuti bwana sitima yafika bwerani ndi mapepala. Ndinatsanzika agogo aja, anakana kuti ndilipire khofi. Patatha masiku anayi ndinali pa chiwongolero, Morogoro, Iringa, Mbeya, kudinditsa pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, kutsikira Nkhata Bay, masiku atatu okha ndi tulo tapanjira ndinali pa Nkhotakota. Nthawi ino ndinakhota. Ndinafunsa mnyamata wa kabaza kuti doko la Jumbe ndi pati, anandifunsa kuti Jumbe wake uti, wa golosale kapena wa minibasi. Amene anandilondolera anali mayi ena ogulitsa mpunga, anasiyira mnzawo lichero n'kuyenda nane mpaka pamchenga, analoza pamene agogo awo ankawauza, pafupi ndi pamene anyamata ena ankatsuka njinga yamoto m'madzi. Ndinagula mpunga wa faya ndowa imodzi, anandiikira basera wa m'manja awiri.